Alphonso Davies sanachite kugwa kumwamba

Akonzi,

Ndiloleni ndilembe pa nkhani imene tinatsutsana Loweruka lina madzulo kuno ku Chilomoni, tili m'kanyumba koonetsera mpira pa kanema, timu ya Bayern Munich ya ku Germany ikusewera. Mnyamata amene anakhala pambali panga, ataona mmene Alphonso Davies anathamangira ndi mpira kuchokera kumbuyo mpaka kukafika pafupi ndi golo la timu inayo, anapukusa mutu n'kunena kuti anthu ena anangobadwa ndi mwayi, ndipo onse m'chipindamo anavomereza ngati kuti nkhani yathera pomwepo. Ine sindinavomereze, koma phokoso la m'malo otere silipatsa munthu wachikulire mpata woti amalize mawu ake, n'chifukwa chake ndasankha kulemba. Ndinaphunzitsa m'sukulu za pulayimale muno mu Blantyre kwa zaka zambiri, ndipo nthawi yaitali ndinali woyang'anira zamasewero pasukulu, choncho mawu akuti mwayi akamatchulidwa pa nkhani ya mwana ndi mpira amandikhudza mwanjira ina.

Tiyambe tauona bwino mwayi umene ukunenedwawo. Davies anabadwa pa 2 Novembala 2000 ku Buduburam, msasa wa anthu othawa kwawo umene unali ku Ghana, chakumadzulo kwa mzinda wa Accra. Makolo ake ndi a ku Liberia, ndipo anachoka kwawo pothawa nkhondo yapachiweniweni imene inasakaza dzikolo. M'chaka cha 2005 banjali linalandiridwa ku Canada, ndipo patapita kanthawi linakakhazikika ku Edmonton, m'chigawo cha Alberta, mzinda wozizira kwambiri kumene mabwalo amakwiririka ndi chipale kwa miyezi ingapo pachaka. Apa ndikuvomereza kuti mwayi unalipo, pakuti mwa mabanja ambirimbiri okhala m'misasa yotere ndi ochepa okha amene amasankhidwa kupita kudziko lachitatu. Koma mwayiwo unathera pabwalo la ndege. Zonse zimene zinatsatira zinali ntchito za anthu, ndipo zambiri mwa izo zinali ntchito zazing'ono zoti ngakhale ife tingazikwanitse.

Ku Edmonton makolo ake ankagwira ntchito maola ambiri kuti banja lidye, moti mnyamatayu ankatsala kunyumba akulera abale ake aang'ono, chimodzimodzi mmene achitira ana ambiri a ku Ndirande kapena ku Bangwe mayi akapita kumsika. Kumeneko mpira wa ana umafuna ndalama zolembetsera, nsapato, jezi ndi galimoto yopitira kubwalo, ndipo banja lobwera kumene silikanatha zimenezi. Chimene chinamuthandiza ndi ndondomeko imene panthawiyo inkatchedwa Free Footie, ligi yaulere ya ana a pulayimale imene amasewera akaweruka kusukulu, yokhazikitsidwa makamaka chifukwa cha ana amene makolo awo alibe ndalama zolipirira masewero. Atachoka kumeneko anasewera m'matimu a ana a Edmonton Internationals ndi Edmonton Strikers, komanso anaphunzira pasukulu ya St. Nicholas imene inali ndi gawo la mpira mkati mwa maphunziro ake. Mmodzi wa aphunzitsi ake a mpira, a Nick Huoseh, ankamutenga pagalimoto yawo kupita naye kokonzekera masewero, ndipo ndi omwewo amene pambuyo pake anakhala omuyimira pa nkhani za makontilakiti. Palibe chodabwitsa pa zonsezi: bwalo lilipo, mpira ulipo, munthu wamkulu wodalirika alipo, ndipo masewero amachitika mlungu uliwonse mosadumphitsa. Akulu akale anati m'mera mpoyamba, ndipo ine ndimaona kuti Davies amene timamuonera pa kanemayu anapangidwa pa zaka zimenezi, asanakwanitse n'komwe zaka 14.

Mu 2015, ali ndi zaka 14, timu ya Vancouver Whitecaps inamutenga kukalowa m'sukulu yake yosulira osewera achichepere. Kuchoka ku Edmonton kukafika ku Vancouver ndi mtunda woposa makilomita 1,000 pamsewu, pafupifupi ngati kuchoka ku Nsanje kukafika ku Chitipa, ndipo n'zomveka kuti mayi ake poyamba anazengereza kulola mwana wamng'ono chotere kukakhala kutali ndi iwo. Analola chifukwa kumene ankapitako kunali pogona, sukulu ndi anthu omuyang'anira. Mu Febuluwale 2016 anasayina ndi timu yachiwiri ya Whitecaps, ndipo mu Julayi chaka chomwecho, akadali ndi zaka 15, anayamba kusewera mu MLS, ligi yaikulu ya matimu a ku United States ndi Canada, kukhala wosewera woyamba wobadwa m'zaka za m'ma 2000 kusewera mu ligiyo. Chimene ndikufuna owerenga aone ndi kuyandikana kwa masitepe amenewa: kuchoka ku ligi yaulere kupita ku timu ya m'dera, kuchoka kumeneko kupita kosulidwa, kenako timu yachiwiri, kenako yaikulu. Mwanayo sanafunsidwe kudumpha phompho paliponse. Kwathu kuno mwana amasewera mpira wachikulunga pafumbi mpaka zaka 16 kapena 17, kenako timayembekezera kuti tsiku lina adzangotulukira pa Kamuzu Stadium atavala jezi ya Maule kapena ya Manoma, ndipo akalephera timati analibe mwayi.

Tsopano ndifike pa mbali imene imandisowetsa mtendere. Mu Juni 2017 Davies anapatsidwa unzika wa Canada, ndipo patangopita mlungu umodzi anasewerera timu ya dzikolo pokumana ndi Curaçao, ali ndi zaka 16, kukhala wamng'ono kuposa onse amene anasewererapo timu ya amuna ya Canada kufika nthawi imeneyo. Mwezi wotsatira, mu Gold Cup, mpikisano wa mayiko a kumpoto ndi pakati pa America ndi a ku Caribbean, anamwetsa zigoli zitatu, ziwiri mwa izo pokumana ndi French Guiana, ndipo anapatsidwa mphoto ya womwetsa zigoli zambiri. Mu Juni 2018 ndiye amene anaimirira pamsonkhano wa FIFA ku Moscow kulankhula m'malo mwa Canada, United States ndi Mexico pamene mayiko atatuwa ankapempha kuchititsa Chikho cha Dziko Lonse cha 2026, ndipo anafotokozera nthumwi mbiri ya moyo wake, kuyambira kumsasa kuja. Dziko limene linamulandira ngati mlendo wosowa pogwira linamutuma kukaliyankhulira pamaso pa mayiko onse patangopita zaka 13.

Ife tili ndi Dzaleka, m'boma la Dowa, malo amene kale anali ndende ndipo mu 1994 anasandutsidwa msasa wa anthu othawa kwawo. Anakonzedwera anthu pafupifupi 12,000, koma tsopano mumakhala anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Democratic Republic of Congo, Burundi ndi Rwanda. Muli ana amene anabadwira momwemo, amalankhula Chichewa ngati ine ndi inu, sanaonepo dziko lina lililonse, ndipo madzulo amasewera mpira pafumbi monga achitira ana athu. Koma kubadwira pa nthaka ya Malawi pakokha sikupatsa munthu unzika, ndipo lamulo limafuna kuti othawa kwawo azikhala mumsasa, monga tinaonera mu 2023 pamene amene ankakhala m'matauni analamulidwa kubwerera ku Dzaleka. Sindine katswiri wa malamulo, ndipo ndikudziwa kuti boma lili ndi zifukwa zake zokhudza chitetezo, malo ndi ntchito, zimene sizingathetsedwe ndi kalata ya mphunzitsi wopuma. Funso langa ndi laling'ono: Davies akanabadwira ku Dzaleka n'kukulira konko, kodi pali njira iliyonse imene akanadzavalira jezi ya Flames? Timamuombera m'manja tikamamuona pa kanema, pamene mwana wofanana naye ali pa mtunda wosakwana ola limodzi kuchokera ku Lilongwe ndipo sitinapitepo kukamuona akusewera. Ndi ife omwe amene tinasunga abale athu a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi pa nthawi ya nkhondo yawo, ndipo ndi ife amene timati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Chochititsa chidwi n'chakuti Canada yomweyo imatenga ophunzira ena a ku Dzaleka kudzera ku bungwe lina la zamaphunziro la m'dzikolo lotchedwa WUSC kukawaphunzitsa m'mayunivesite ake, kutanthauza kuti ena akuona kale phindu mwa ana amene ife timawawerenga ngati katundu wolemetsa. Davies mwiniwake sanaiwale kumene anachokera, pakuti mu Malichi 2021 anakhala wosewera mpira woyamba kusankhidwa kukhala kazembe wa UNHCR, bungwe la United Nations loona za othawa kwawo, lomwelo limene limagwira ntchito ku Dzaleka.

Za kupita kwake ku Germany zimadziwika ndi ambiri, koma muli mfundo imene atsogoleri a matimu athu ayenera kuilingalira. Mgwirizano wa Whitecaps ndi Bayern Munich unachitika mu Julayi 2018, pamtengo wa madola 13.5 miliyoni umene ukanatha kukwera kufika pa madola 22 miliyoni, ndalama zimene panthawiyo palibe wosewera wa MLS anali atagulitsidwapo. Komabe sananyamuke pomwepo, koma anamaliza chaka ku Vancouver n'kukayamba ku Bayern mu Januwale 2019, pakuti malamulo a FIFA salola kusamutsa mwana kupita kudziko lina asanakwanitse zaka 18, kupatula pa zifukwa zochepa zolembedwa. Ogula anali ndi chikhulupiriro chonse pa msinkhu wake ndi pa mbiri yake, chifukwa masewero ake analembedwa kuyambira ali mwana. Malamulo omwewo a FIFA amati wosewera akagulitsidwa kuchoka kudziko lina kupita ku lina kontilakiti yake isanathe, magawo 5 pa 100 alionse a ndalamazo agawidwe kwa matimu amene anamuphunzitsa kuyambira ali ndi zaka 12 kufika 23. Timu ya m'dera ya ku Zingwangwa kapena ku Chilobwe ingapindule ndi lamulo limeneli pokhapokha ngati inalembetsedwa ndipo mwanayo analembedwa m'kaundula ndi dzina lake lenileni komanso chaka chake chenicheni chobadwa. Ndikunena zimenezi ndi manyazi, chifukwa pa zaka zanga zoyang'anira zamasewero ndinaonapo anyamata ometa ndevu m'mamawa akulowa m'bwalo masana ngati ana a zaka 14, aphunzitsi anzanga akuyang'ana kumbali, ndipo ine ndemwe sindinalankhule nthawi zonse pamene ndinayenera kulankhula. Chikho tinkachitenga ndithu, koma mwana weniweni wa zaka 14 ankatsala panja akunyamula madzi, ndipo ambiri otere anausiyira pomwepo mpira.

Ku Bayern Davies anapita ngati wosewera kutsogolo chakumbali, winga wothamanga ndi wodyetsa njomba, ndipo chigoli chake choyamba anamwetsa mu Malichi 2019 pamene timu yake inathidzimula Mainz 6-0. Koma malo amenewo anali ndi eni ake. Chakumapeto kwa chaka chomwecho otchinga kumbuyo awiri, Niklas Süle ndi Lucas Hernández, atavulala, David Alaba anasunthidwira pakati ndipo mnyamatayu anauzidwa kuti atchinge kumbuyo chakumanzere. Wosewera wina wa zaka 19 amene anazolowera kuomberedwa m'manja chifukwa cha zigoli akanaona ngati watsitsidwa, koma iye anavomera n'kuphunzira ntchito yatsopano pansi pa mphunzitsi Hansi Flick, ndipo m'miyezi yochepa anayamba kutchulidwa pakati pa akatswiri a malo amenewo padziko lonse. Mu Juni 2020, pokumana ndi Werder Bremen, liwiro lake linayezedwa kufika makilomita 36.51 pa ola, limene panthawiyo linali lalikulu kuposa lonse loyezedwapo mu Bundesliga, ligi yaikulu ya ku Germany. Amene anaonera masewero a pa 14 Ogasiti 2020 ku Lisbon, pamene Bayern inaswa Barcelona 8-2, sadzaiwala mmene anamusiyira Nélson Semedo ali chilili m'mbali mwa bwalo, n'kulowa mpaka pafupi ndi golo, n'kupatsira Joshua Kimmich kuti angokankhira muukonde. Patapita masiku 9 Bayern inagonjetsa Paris Saint-Germain 1-0 n'kutenga chikho cha Champions League, iye asanakwanitse zaka 20. Liwirolo ndi mphatso yobadwa nayo, sinditsutsa, koma kudziwa nthawi yothamanga kupita kutsogolo ndi nthawi yobwerera kudzatchinga kumachita kuphunzitsidwa, ndipo kumaphunzitsika mwa mwana amene anazolowera kumvera mphunzitsi kuyambira ali wamng'ono.

Amene amati ndi mwayi saonanso masiku amene zinthu sizinamuyendere. Mu Januwale 2022, atachira ku COVID-19, madokotala a Bayern anapeza kuti mnofu wa mtima wake watupa pang'ono, ndipo anamuletsa kusewera kwa miyezi pafupifupi itatu, moti pamene Canada inagonjetsa Jamaica 4-0 ku Toronto mu Malichi chaka chimenecho n'kudzigulira malo ku Chikho cha Dziko Lonse koyamba kuchokera mu 1986, iye anaonera ali kutali. Ku Qatar anaphonya penate pamasewero oyamba, goloboyi wa Belgium Thibaut Courtois ataugwira mpirawo, ndipo Canada inagonja 1-0. Pamasewero otsatira anamwetsa ndi mutu patangotha masekondi 68 pokumana ndi Croatia, chigoli choyamba cha timu ya amuna ya Canada m'mbiri ya mpikisanowu, ngakhale kuti anagonjabe 4-1 ndipo anabwerera kwawo osapata mfundo ngakhale imodzi. Mu 2024 anasankhidwa kukhala kaputeni wa dziko lake ndipo anaitsogolera timuyo kufika pa nambala 4 mu Copa América, koma mu Malichi 2025, patangopita kanthawi kochepa atawonjezera kontilakiti yake ndi Bayern mpaka 2030, anaduka mtsempha wa m'bondo pokumana ndi United States, n'kukhala kunja kwa bwalo kwa miyezi yambiri. Pa zonsezi chimene chimandikhudza kwambiri ndi nkhani ya mtima ija, chifukwa vutolo linapezeka pomupima asanabwerere m'bwalo. Ndimadzifunsa kuti mwa anyamata amene amasewera m'maligi athu a m'zigawo ndi angati amene anapimidwapo mtima ngakhale kamodzi, ndiponso kuti wosewera wa kwathu akaduka mtsempha wa m'bondo amathera kuti, pakuti amene ine ndinawadziwa anathera kunyumba akutsimphina.

Wina anganene kuti Canada ndi dziko lolemera ndipo kuyerekeza kotere n'kopanda chilungamo. Pa zipatala ndi pa malipiro a osewera ndikugwirizana naye. Koma chiyambi cha Davies sichinafune chuma cha Canada. Chinafuna bwalo losalandidwa, mpira, ndandanda ya masewero yosasinthasintha ndi munthu wamkulu wopezekapo. Zimenezi tinali nazo. Pamene ndinkayamba ntchito, tsiku la zamasewero linkalemekezedwa pasukulu iliyonse, ndipo sukulu zoyandikana zinkakumana pafupipafupi, makolo ataima m'mbali mwa bwalo. Pa sukulu ina imene ndinaphunzitsapo, bwalo linayamba kudyedwa pang'onopang'ono, mbali ina kukumbidwa maziko a nyumba, mbali ina kuumbidwa njerwa, pakati n'kudutsa njira ya magalimoto, mpaka ana anatsala ndi kamalo kosakwana n'komwe kuponyerapo kona. Ndinali ndi mnyamata wina wa Sitandade 6 wamanzere, wothamanga moti anzake a Sitandade 8 ankamugwira malaya, amene ankabwera kusukulu makamaka chifukwa cha mpira. Bwalo litatha nayenso anayamba kujomba, ndipo ndinadzakumana naye patapita zaka akuitanira minibasi ku Limbe. Sindikunena kuti akanafika ku Bayern, pakuti ofika kumeneko ndi mmodzi mwa zikwi zambiri, koma akanamaliza sukulu, ndipo mwina akanasewerako mu Super League.

Luso lokha kuno silisowa. Tonse tikukumbukira chigoli cha Gabadinho Mhango pokumana ndi Morocco mu Januwale 2022 ku Cameroon, pamene Flames inafika koyamba mu ndime ya matimu 16 a chikho cha Africa. Temwa Chawinga, amene anasewerapo muno mu timu ya Blantyre Zero asanapite ku Sweden ndi ku China, anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya amayi ya ku United States mu 2024 ali ndi Kansas City Current, n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse, ndipo mkulu wake Tabitha wasewera ku Inter Milan, Paris Saint-Germain ndi Lyon. Koma tikafufuza njira zimene akatswiri athu anadutsa timapeza kuti aliyense anachita kudziboolera yake, mothandizidwa ndi munthu mmodzi kapena awiri amtima wabwino, ndipo akadutsa njirayo imatsekeka m'mbuyo mwake. Timathera nthawi yambiri tikukangana za mabwalo aakulu ndi za mphunzitsi wa Flames amene ayenera kuchotsedwa, pomwe msinkhu umene wosewera amapangidwa, kuyambira zaka 8 kufika 14, tausiya m'manja mwa ana okhaokha ndi mpira wawo wa mapepala.

Pempho langa likupita kwa amene ali ndi mphamvu pa zinthu zing'onozing'onozi. Khonsolo ya mzinda ndi makomiti a sukulu alembe mabwalo onse amene atsala ndi kuwaikira malire odziwika, kuti wofuna kumangapo adziwe kuti akulanda ana. FAM, imene likulu lake lili konkuno ku Chiwembe, pamodzi ndi akuluakulu a zamaphunziro, ione kuti mwana aliyense wosewera mu mpikisano wa sukulu walembedwa ndi chiphaso chake chobadwira, ndipo mipikisano ya ana ikamakonzedwa, matimu a ana a ku Dzaleka aziitanidwa nawo. Makampani amene amathandiza zikho za akuluakulu aganizireko ligi yaulere ya masana ya ana a pulayimale, ya anyamata ndi atsikana omwe, imene mtengo wake waukulu ndi mipira, mawenzulo ndi kangachepe ka aphunzitsi otsalira akaweruka. Ife opuma ntchito tilipo ambiri m'makwalalamu, ndipo ena tikadali ndi mphamvu zoimbira mpira wa ana kwa mphindi 40.

Kwa inu Akonzi, ndikupempha kuti tsiku lina mutume mtolankhani wanu wa zamasewero kuti asapite ku Kamuzu Stadium, koma ayende m'sukulu za pulayimale za ku Ndirande, Mbayani, Chirimba, Bangwe ndi kuno ku Chilomoni, awerenge kuti ndi zingati zimene zikadali ndi bwalo lokwanira matimu awiri, afunsenso kuti masewero omaliza a pakati pa sukulu anachitika liti, ndipo zimene apezezo muzisindikize. Akadzafika kuno adzandipeze, ndidzamuperekeza pamene panali bwalo lathu lija kuti akajambule nyumba zimene zilipo tsopano.

Mphunzitsi wopuma,
Chilomoni, Blantyre